Kuyenda wapansi pa boma la Dedza ndi munthu wodziwa mbiri yake

Anthu ambiri amaidziwa Dedza kudzera pa zenera la basi: amaima pa msewu wa M1, kugula kachewere ndi kabichi, kudandaula za kuzizira, kenako n'kupitiriza ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. M'mwezi wa June ine ndinatsika, ndipo ndinapeza bambo wina wachikulire, mbadwa ya komweko, amene amayenda ndi alendo wapansi n'kumawafotokozera mbiri ya tauniyi.

Tinayambira pa msika, nkhungu isanachoke pa phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198. Tauniyo ili pa mamita pafupifupi 1,600, n'chifukwa chake amayi ogulitsa malonda anali atafunda zitenje mpaka m'makutu. Bambowo anandilozera mitengo ya paini ya m'phirimo n'kundikumbutsa kuti si yachilengedwe, koma inachita kubzalidwa kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ntchito yocheka matabwa yalera mabanja ambiri a pa bomapo.

Tinayenda mpaka ku Dedza Secondary School, yomwe amene anaphunzirako amangoitcha Box 48. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1951, pamene m'dziko lonse la Nyasaland sukulu za sekondale zinali zowerengeka, ndipo anyamata ankachokera m'zigawo zonse zitatu kudzaphunzira kuno. Mmodzi mwa iwo anali Bingu wa Mutharika, amene anamaliza maphunziro ake pasukuluyi mu 1956.

Koma nkhani imene inandigwira mtima ndinaimva titaima pa chitunda, tikuyang'ana chakumwera, kumene kuli boma la Angonia ku Mozambique. Bambowo anafotokoza za zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa chipani cholamula cha FRELIMO ndi gulu loukira boma la RENAMO itafika poipa, pamene anthu ankawoloka malire usiku atasenza timitolo, ana ali kumsana. Malawi analandira othawa nkhondo opitirira 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali ena mwa maboma amene anasenza katundu wolemera ameneyu. Obwerawo sanali alendo kwenikweni, popeza ankayankhula Chichewa chomwechi, ndipo ambiri anali ndi amalume kapena apongozi tsidya lino. Polankhula izi bambowo anavula chipewa, n'kutchula midzi imene inagawa minda ndi nkhuni kwa abale awowo kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992. Palibe chikwangwani chilichonse chimene ndinachiona chonena zimenezi, ndipo ndikuona kuti nthawi yakwana yoti mbiri yotereyi ilembedwe eni ake akadali moyo.

Tinamalizira ku Dedza Pottery, yomwe inayamba mu 1987, kumene ndinaonerera mnyamata akuumba kapu pa gudumu, zala zili dongo lokhalokha. Zojambula za pa miyala ya ku Chongoni, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zili m'malo 127, ndipo bambowo anandilangiza kuti ndizipatulire tsiku lakelake. Amene akufuna kuyenda ulendo wotere anyamule juzi ndi nsapato zolimba, ndipo agwirizane mtengo ndi womutsogolera asananyamuke.