Mmene ndinalowera mmudzi wa mmunsi mwa phiri la Merapi

Lendi ya mtauni ku Yogyakarta, pa chilumba cha Java ku Indonesia, inali itandikwana, nde nditamva zoti kumtunda ku Sleman, mbali ya phiri la Merapi, nyumba yonse umaipeza pa mtengo wa kachipinda kamodzi ka pafupi ndi yunivesite, ndinangoti basi ndikukakhala kumudzi. Nyumba kupeza sikunavute ayi. Chomwe chimafuna mtima ndi kulandiridwa mmudzimo, chifukwa ku Java sumangolipira lendi nkutenga kiyi nkumagona, pali ndondomeko yake ndipo ukaidumpha tsiku lomwe zavuta palibe amene akudziwa kuti mnyumba muja muli munthu.

Polowera mmidzi yambiri pamakhala chikwangwani cholembedwa kuti Tamu wajib lapor 1x24 jam, kunena kuti mlendo aliyense wogona akaonekere pasanathe maola 24. Kokaonekerako ndi kwa Pak RT, bambo wotsogolera RT. RT ndi kagulu ka nyumba makumi angapo zoyandikana, ma RT angapo amapanga RW, pamwamba pake pali Pak Dukuh amene ali ngati nyakwawa kwathu kuja, kenako ofesi ya boma ya dera lonselo, kalurahan, komwe kuli mkulu wake Pak Lurah. Zoika anthu mmagulu a nyumba chonchi anazibweretsa ndi a Japan mu 1944 nthawi ya nkhondo kuti aziwalondola bwino anthu, a Japan anapita koma dongosolo linatsala mpaka lero.

Kwa Pak RT usapite wekha. Ine anandiperekeza ndi alandilodi, madzulo atatha mapemphero a Chisilamu a usiku, a isya, chifukwa masana bambowo amakhala kumunda wawo wa zipatso za salak, si ntchito yamalipiro ya mwezi iyi. Tenga fotokope ya pasipoti, ya ITAS yomwe ndi chilolezo chokhalira mdzikomo, kalata ya kusukulu kapena kuntchito, ndi zithunzi zingapo. Nsapato vula pakhomo. Akupatsa tiyi wotsekemera kwambiri ndipo usamwe mpaka atanena kuti monggo, kunena kuti imwani, ndiye kumayamba mafunso, kwanu nkuti, muli pabanja, mumapemphera kuti, nsima mumaphika ndi chani, Malawi ili pafupi ndi Mali eti. Nkhani ya mapepala imabwera kumapeto kwenikweni ndipo siichedwa, amangotsegula buku lalikulu nkulemba dzina, nambala ya foni ndi nyumba yomwe ukukhala, kenako kukulembera kalata yokuperekeza ya sitampu yake. Kalata imeneyo ndinapita nayo kwa Pak Dukuh, anasayina, ku kalurahan anadinda, ndipo ndi yomwe inandithandiza pokatenga SKTT, kakhadi kosonyeza komwe mlendo wakunja akukhala, ku ofesi ya kalembera wa anthu ya Dukcapil. Mbali ya maofesiyi ndi kudikira basi, palibe chokamba.

Chenicheni chinayamba pa msonkhano wa abambo a mu RT, womwe mu RT yathu umachitika masiku 35 aliwonse malinga ndi kalendala ya Chijava. Mumakhala pamphasa mozungulira, mtedza wowiritsa ndi tempe yokazinga, chakudya cha soya, pakati, ndipo mlendo amaimirira kudzifotokoza. Nditangokhala pansi mlembi amvekere, Mas, kunena kuti achimwene, takuikani usiku wa Lachinayi. Sanafunse ngati ndikufuna kapena ayi. Uku ndi kulowa pa ronda, ulonda wa usiku womwe mwamuna wamkulu aliyense wa mnyumba amakhala ndi tsiku lake pa sabata, boma limautcha siskamling ndipo apolisi ndi omwe anaukhazikitsa mwadongosolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nthawi ya pulezidenti Suharto. Ukajomba popanda chifukwa pali faindi yake, yochepa ndithu, koma chowawa si ndalamayo, ndi dzina lako kuwerengedwa pamsonkhano wotsatira anthu onse ali chete.

Usiku womwewo anandiuza kuti ndipachike kakapu pakhomo. Ichi amati jimpitan. Madzulo aliwonse umaponyamo ndalama yachitsulo, ife inali 500 rupiah, kale amaikamo kampunga kotapa ndi zala, nde a ronda akamazungulira amatolera. Poyamba ndinkaona ngati ndi njira yongosonkhera ndalama za mababu a mumsewu ndi zamaliro, ndipo zoonadi zimagwira ntchito imeneyo, koma nditazungulira nawo ndi pomwe ndinaona nzeru yake. Kuti utenge kandalama kaja uyenera kufika pa chitseko chenicheni cha nyumba iliyonse, sungangowalitsa tochi uli pamsewu. Ukafika pakhomo umaona zenera lomwe laiwalika, njinga yamoto yomwe yasiyidwa panja ndi kiyi wake, khola losatseka, gogo yemwe kapu yake yakhala yopanda kanthu masiku awiri ndiye mawa wina akamuzonde. Mlembi amachonga nyumba iliyonse mkabuku, choncho gulu laulesi lomwe langokhala pa gardu, pokhalira alonda, kumasewera madomino limagwidwa mmawa ndi makapu odzadza.

Gardu ndi kanyumba ka alonda, pena ndi kachisakasa chabe ka nsungwi, ndipo pamenepo pamalendewera kentongan, chipika chogoba mkati chomwe amamenya ndi kamtengo. Pakhoma pathu panamatidwa pepala la mamenyedwe ake ndipo anandiuza kuti ndiloweze ndisanagwire kamtengoko. Kumenya kamodzikamodzi ndi imfa, kawirikawiri ndi wakuba, katatukatatu moto, kanayikanayi madzi osefukira kapena ngozi yachilengedwe, kasanukasanu ziweto zabedwa. Kumenya mothamanga osalekeza ndiye kuti aliyense atuluke pompo. Midzi ina imasiyanako pang'ono nde werenga pepala la pa gardu yako, usadalire la ine. Masiku ano gulupu ya WhatsApp ya RT ndiyo imathamanga, koma magetsi akazima kapena netiweki ikagwa chipika chija chimalirabe, komanso agogo ambiri foni sagona nayo.

Kasanukasanu ndinakumva usiku wina mbuzi za aneba zitatulutsidwa mkhola. Abale inu, mmene mudzi wachete uja unasinthira, amuna atavala masarong, zibonga mmanja, njinga zamoto kutseka njira zonse zotulukira. Wakubayo anathawa, mbuzi anazisiya mmunda wa salak, ndipo ine mumtima ndinati bola, chifukwa kumenya wakuba mpaka kupha kumachitika ku Indonesia ndipo unyinji ukapsa mtima ulemu wonse uja wa Chijava umasowa. Pak RT wathu amalimbikira zoti mukamugwira mukamutsekere kwa Pak Dukuh nkuimbira Bhabinkamtibmas, wapolisi yemwe amapatsidwa kuyang'anira mudzi, kapena Babinsa yemwe ndi msilikali wa ntchito yofananayo. Nambala zawo sunga mfoni tsiku loyamba lomwelo. Chinthu chako chikasowa, kaya ndi chikwama cha mthumba kaya mapepala a njinga otchedwa STNK, umapita ku Polsek, polisi ya mderalo, kukatenga kalata yosonyeza kuti wanena za kutayika, popanda imeneyo banki kapena ofesi ina iliyonse sikupatsa china.

Koma kumtunda kuno wakuba si amene anthu amamuganizira kwambiri. Ndi phiri. Merapi inaphulika pa 26 October 2010 nkupha Mbah Maridjan, mkulu wosunga miyambo ya phirilo, kunyumba kwake ku Kinahrejo, kenako pa 5 November mtambo wotentha unatsika ndi mtsinje wa Gendol mtunda wa makilomita pafupifupi 15 nkupsereza midzi ya ku Cangkringan yomwe anthu ankaiona ngati ili kutali. Anthu oposa 300 anafa, ena mazanamazana a zikwi anathawa mnyumba zawo. Aliyense wamkulu pa gardu paja ali ndi nkhani yake ya usiku umenewo, ndipo saikamba mokweza.

Nde gawo lomaliza la kulowa mmudzi linali limeneli. Pak Dukuh anandiitana nkundionetsa mapu a madera a ngozi, KRB I, II ndi III, lachitatulo ndiye loopsa kwambiri, anandilozera pomwe pali nyumba yanga, malo okumanirana, msewu wothawira womwe uli ndi zikwangwani za jalur evakuasi, ndi baraki, nyumba yosungira othawa, komwe RT yathu imakafikira. Za phirilo amalengeza ndi a BPPTKG, ofesi ya boma yoyang'anira phirilo ku Yogyakarta, ndipo pali masitepe anayi a chenjezo kuyambira lotsika, Normal, Waspada, Siaga ndi Awas. Pa 5 November 2020 analikweza kufika pa Siaga, ndipo masiku otsatira okalamba, ana, amayi oyembekezera ndi olumala a ku Kalitengah Lor anawatsitsira ku baraki ya Glagaharjo ena onse asanasamuke. Mndandanda wa oyamba kunyamulidwa umachokera mmabuku a ma RT omwe aja, ndipo wa omwe ali ndi njinga kapena galimoto umachokeranso momwemo.

Anandiuza kukonza chikwama chothawira chizikhala pafupi ndi chitseko. Mkati mwake pasipoti, ITAS ndi mapepala a njinga mu pulasitiki, mankhwala, tochi, chaja, zovala zosinthira, masiki chifukwa phulusa lake limapweteka pachifuwa, ndi ndalama pang'ono. Eni mudzi amaikamonso satifiketi ya malo, kalata za ukwati ndi za sukulu za ana, ambiri anaphunzira mu 2010 kuti nyumba umamanganso koma kutsimikizira kuti munda uja ndi wako popanda pepala ndi mlandu wa zaka.

Nkhani yovuta ndi ng'ombe, makamaka zamkaka zomwe zili zambiri ku Cangkringan. Munthu amavomera kutsika usiku koma mmawa umamuona akukwera ndi chikwakwa kukamweta udzu, chifukwa ng'ombe ija ndiye fizi ya mwana, ndiye banki yake. Mu 2010 boma linachita kulonjeza kugula ng'ombe za anthu kuti asiye kubwerera kumtunda, ndipo kuchokera pamenepo posamutsa anthu amakonzanso makola a ziweto kumunsi. Ine wopanda ng'ombe sindingawaweruze, ndimangoona kuti dongosolo losamutsa anthu loiwala khola siligwira.

Poti ndili ndi njinga yamoto ndipo ndilibe banja loti ndinyamule, anandipatsa agogo ena aakazi a nyumba yachitatu kuchokera kwanga, ana awo ali ku Jakarta. Pak Dukuh anapita nane kukandionetsa kwa iwo kuti usiku wina ndikadzagogoda asadzaope, amvekere Mbah, kunena kuti agogo, uyu ndi amene adzakutengeni, musadzadikire wina. Agogowo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkufunsa ngati ndimayendetsa bwino pamchenga, chifukwa malole a mchenga anaononga msewu wotsikira uja. Kuyambira tsiku limenelo njinga ndimaiimika itayang'ana kumsewu, petulo satsika theka la thanki, ndipo chipewa chachiwiri cha njinga chimakhala kwa Mbah konko pamsomali wa kuseri kwa chitseko chawo.