Thonje Lomwe Linkadyetsa Anthu a ku Caral

Gombe la dziko la Peru, ku South America, ndi chipululu. Mvula siigwa kwenikweni, ndipo wofuna kulima amadalira timitsinje totsika m'mapiri a Andes. Koma nyanja yake ndi ya mwanaalirenji: madzi ozizira amatumphuka kuchokera pansi n'kubweretsa chakudya cha tinsomba ta anchoveta, tooneka ngati usipa, toyenda m'magulu aakulu zedi. Zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Supe anapeza njira yodyera zonse ziwiri, za kumunda ndi za m'nyanja.

Tinsomba totere sitigwirika ndi mbedza. Pamafunika ukonde wa maso ang'onoang'ono, ndipo ukonde umafuna ulusi wambiri. Ulusiwo unkachokera ku thonje, lomwe silingakule pamchenga wa kugombe. Choncho alimi a ku Caral, mzinda wakale wa m'chigwachi womwe unali pamtunda wa makilomita 23 kuchokera kunyanja, ankapatutsa madzi a mtsinje m'ngalande n'kuthirira minda ya thonje ndi zikho. Thonjelo ankalipota n'kulukira maukonde. Zikho zouma ankazimangirira kumtunda kwa ukonde kuti uziyandama, miyala n'kukhala kunsi kuti uime chilili m'madzi. Asodzi a ku Aspero, pafupi ndi pomwe Supe amathirira m'nyanja, ankabweza nsomba. Minga ya anchoveta ndi zigoba za nkhono za m'nyanja zapezeka zambiri ku Caral, umboni wakuti ndiwo zinkakwera kumtunda.

Chomwe chinkatheketsa msinthanowu ndi kuyanika. Anchoveta ndi wamafuta, sachedwa kuwola, koma mpweya wouma wa m'chipululu umamuumitsa bwino moti amasungika ndi kunyamulika. Minda inkaperekanso maungu, nyemba, mbatata, magwafa ndi tsabola. Ndipo zonsezi ankazichita opanda miphika yadothi, pakuti kuumba kunali kusanafike kumeneko.

Ine ndimaona kuti mphamvu ya dongosololi ndi imenenso inali kufooka kwake, chifukwa mlimi ndi msodzi ankavutikira limodzi. El Niño, kusintha kwa nyengo komwe kumachitika pakapita zaka zingapo, akabwera, madzi a m'nyanja amafunda, anchoveta n'kuthawira pansi kapena kummwera, pomwe kumtunda chimvula chimakokolola ngalande. Ofukula zakale ena amati zaka pafupifupi 3,600 zapitazo zivomezi zinagumula mapiri, madzi osefukira n'kukokera dothilo kunyanja. Mafunde anaunjika mchengawo kugombe, kenako mphepo inauulutsira kumtunda n'kukwirira minda ndi ngalande. Midzi ikuluikulu ya m'chigwa cha Supe inasiyidwa m'nyengo yomweyo.