Malipoti a DMARC pa seva ya imelo imene munthu amayendetsa yekha

Munthu amene amayendetsa yekha seva ya imelo amatha kuona m'malog a Postfix, pulogalamu yotumiza ndi kulandira imelo, kuti uthenga watuluka ndipo seva ya mbali inayo yaulandira, koma zimene zimachitika kumeneko saziona. Sadziwa ngati uthengawo wakhoza mayeso a SPF ndi DKIM, njira zotsimikizira gwero la uthenga, ndiponso sadziwa ngati kwinakwake kuli makina amene akutumiza mauthenga pogwiritsa ntchito dzina la domain yake. Zimenezi zimadziwika kudzera m'malipoti a DMARC, njira imene mwini domain amauzira maseva ena zochita ndi uthenga wolephera mayesowa, ndipo maganizo anga ndi akuti munthu ayambe wawerenga malipotiwa kwa milungu ingapo asanaganize zokhwimitsa lamulo lake la DMARC.

DMARC inafotokozedwa mu RFC 7489 m'chaka cha 2015, ndipo imadalira njira ziwiri zimene zinalipo kale. SPF imatchula ma IP ololedwa kutumiza, pamene DKIM imaika siginecha pa uthenga uliwonse. Chimene DMARC inawonjezera n'chakuti domain imene yakhoza mayeso igwirizane ndi imene wowerenga amaona pa mzere wa From. Kuyambira mu February 2024, Gmail imafuna DMARC kwa aliyense wotumiza mauthenga 5,000 kapena kuposerapo patsiku ku ma adiresi a Gmail, koma ngakhale seva yaing'ono ya banja kapena ofesi imapindula nayo.

Kuti malipoti ayambe kubwera pamafunika mzere umodzi wa TXT mu DNS, pa dzina la _dmarc.example.org, wolembedwa motere: v=DMARC1; p=none; rua=mailto:dmarc@example.org. Mawu akuti p=none amauza maseva olandira kuti asakane uthenga chifukwa cha DMARC, angofotokoza zimene aona. Ngati adiresi ya rua, yomwe ndi yolandirira malipoti, ili pa domain ina, tinene example.net, domain imeneyo iyenera kuvomereza poika TXT yakuti v=DMARC1 pa example.org._report._dmarc.example.net. Popanda chilolezo chimenechi malipoti sangabwere, ndipo palibe uthenga uliwonse umene ungakuuzeni chifukwa chake. Za ruf, zomwe ndi malipoti a uthenga umodziumodzi wolephera, sindivutika nazo, popeza Gmail sawatumiza komanso amatha kukhala ndi zinsinsi za anthu.

Malipoti a rua amabwera kawirikawiri kamodzi patsiku, ngati fayilo ya XML yopanikizidwa ndi gzip kapena zip. Pali pulogalamu yotchedwa parsedmarc imene imawasanja bwino, komabe ndimalimbikitsa kuti lipoti loyamba mulitsegule ndi kuliwerenga nokha. Mkati mwake, gawo lililonse lotchedwa record limasonyeza source_ip, kenako count, yomwe ndi nambala ya mauthenga ochokera pa IP imeneyo, kenako zotsatira za dkim ndi spf, pass kapena fail. IP ya seva yanu ikaoneka ndi pass kawiri, palibe choda nkhawa. Ntchito yeniyeni ili pa ma IP achilendo, chifukwa si onse amene ali a anthu akuba. Mukaona spf ili fail koma dkim ili pass, nthawi zambiri ndiye kuti wolandira anakonza zoti makalata ake azipitirira ku adiresi ina, ndipo siginecha yafika yosasweka ngakhale IP yasintha. Mukaona fail pa zonse ziwiri kuchokera ku kampani imene imasunga webusaiti yanu, mwina ndi fomu ya pa webusaitiyo kapena pulogalamu yotumiza ma invoice imene aliyense anaiiwala. Mukanayamba ndi p=reject, lamulo lakuti uthenga wolephera ukanidwe, makalata amenewo akanakanidwa inu musakudziwa gwero lake. Powonjezera otumiza oterewa mu SPF, kumbukirani kuti malire ndi mafunso 10 a DNS, ndipo include iliyonse, mawu obweretsa mndandanda wa SPF wa domain ina, imawerengedwa. Ma IP onse akadziwika, mukhoza kupita ku p=quarantine, lamulo lakuti uthenga wolephera uikidwe pambali ngati spam, kenako p=reject.

Mbali imene ambiri amaisiya ndi yotumizira ena malipoti, koma seva yanunso imalandira makalata, ndipo eni ma domain ena akuyembekezera kumva kwa inu. Ndi OpenDMARC, pulogalamu yoyesa DMARC pa makalata obwera, pamafunika kuyatsa HistoryFile, kulowetsa zolembedwazo mu MySQL ndi opendmarc-import, kenako kuyendetsa opendmarc-reports. Ine ndimakonda Rspamd, pulogalamu yosefa spam, chifukwa imasunga zonse mu Redis, nkhokwe ya deta imene imakhala ilipo kale. Mu local.d/dmarc.conf mumaika enabled = true pansi pa reporting, pamodzi ndi email, domain ndi org_name, kenako mumauza cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti iziyendetsa rspamadm dmarc_report kamodzi patsiku. Adiresi yotumizira malipotiwa ikhale yapadera, chifukwa ma adiresi ena a rua anasiya kugwira ntchito ndipo makalata obwerera angadzaze bokosi lanu la tsiku ndi tsiku. Onetsetsaninso kuti malipotiwo akutuluka ali ndi siginecha ya DKIM ya domain yanu, apo ayi maseva olandira akhoza kuwaona ngati spam.