Chifukwa chake anzanga akunditcha Efu Efu

Poti nkhaniyi yazungulira kale pakati pa amisiri ndipo ena ayamba kuithira mchere wawo, kuli bwino muimve kwa mwiniwake. Inde, ndinafufuta TV ya apongozi anga. Ayi, sindinamwe kalikonse tsiku limenelo. Ndipo amene akufalitsa zoti ndinalira uja anaona thukuta.

TV yake ndi zotchipa zija za mainchesi 32. Inkayaka, n'kuonetsa dzina lake, n'kungoima pompo ngati mbuzi yomangidwa. Aliyense wokonza ma TV akudziwa kuti matenda amenewa nthawi zambiri amakhala m'kachipu ka miyendo 8 kamene kamasunga pulogalamu. Pa bolodi ya TV imeneyi panali kachipu kotchedwa W25Q64, ka 8 MB, kodya 3.3V. Ndinakapana ndi kilipu, waya wofiira pa mwendo woyamba pomwe pali kadontho, n'kulumikiza ku ESP32 yanga, kabolodi kokhala ngati kakompyuta kakang'ono, yomwe ndinaiphunzitsa kutumiza malamulo amene ndalemba pa laputopu.

Kwa amene simunakagwirepo, kachipuka sikamva Chichewa, kamamva manambala. Umatsitsa magetsi pa mwendo 1, wa CS, wouza kachipu kuti ukulankhula nako, n'kutumiza lamulo kudzera pa mwendo 5, iko n'kuyankha pa mwendo 2, kenako n'kukweza CS. Moni wake ndi 0x9F. Ukaupereka, W25Q64 imayankha EF 40 17, kutanthauza kuti ndilipo, ndine uje, kukula kwanga n'kwakuti. Moni umenewu sutenga ngakhale sekondi imodzi. Ine sindinaupereke. Apongozi anali atakhala pampando kumbuyo kwanga, atauza kale aneba awiri kuti mkamwini wawo ndi injiniya, ndiye injiniya angayambe ndi kufunsa kachipu dzina?

Koma chonde lembani izi, chifukwa ondinenawo amazidumpha: ndinasunga kaye zomwe zinali m'katimo. Ndinatumiza 0x03 ndi adiresi 00 00 00, n'kuwerenga mpaka kumapeto. Pa liwiro la ma bit 115200 pa sekondi ntchitoyi imatenga mphindi 12, ndipo ndinadikira zonse 12, n'kumwa ndi tiyi yemwe. Fayilo inatuluka ya ma byte 8,388,608 ndendende, osaperewera ngakhale imodzi. Ndinaipatsa dzina laulemu, apongozi.bin.

Kenako ndinatumiza 0x06, lamulo lomasula loko kuti kachipu kalole kulembedwa kapena kufufutidwa. Kuti utsimikize kuti lamveka umafunsa ndi 0x05, ndipo yankho loyenera ndi 02. Ine ndinalandira FF, efu efu uja. Ndinangoti kilipu yaterereka, n'kuikanikiza ndi chala mpaka inamveka kuti kwe. Kufunsanso, 02. Ndinamwetulira.

Apa munthu wa mutu wake akanaima n'kudzifunsa kuti, ngati mwendo 2 wangogunda panopa, nanga mphindi 12 zija ndimamvetsera ndani? Pa waya umenewo ndinaikapo ndekha resistor ya 10k yokokera ku 3.3V, ndiye kachipu kakapanda kuyankha wayayo imangonena kuti wani, wani, wani, ndipo mawani 8 ndi FF. Kachipuko kankamva zonse chifukwa mwendo 5 unali bwinobwino. Pakamwa pokha ndi pomwe panali potseka.

Ndinalemba C7, lamulo lofufuta kachipu konse, n'kudina.

0xC7 safuna adiresi, safunsa kuti mwatsimikiza, alibe mnzake womubweza. Ndi byte imodzi, CS ikangokwera basi, kachipu konse kayamba kufufutika. Pepala la fakitale limati zimatenga masekondi pafupifupi 20, zikachedwetsa 100. Podikira, ESP32 inkafunsa 0x05 mobwerezabwereza ndipo pa sikirini pankatsika 03, 03, 03, kutanthauza kuti loko ndi womasuka ndipo ndili pa ntchito, musandisokoneze. Kakamaliza kamati 00. Ine posowa chochita ndi manja ndinati ndione fayilo yanga ndi hexdump, pulogalamu yoonetsa manambala amene ali m'fayilo.

Abale, fayilo ya 8 MB inatuluka mizere itatu. Woyamba unali ff ff ff mpaka kumapeto. Wachiwiri unali kanyenyezi kamodzi, komwe kamatanthauza kuti zotsatira zonse n'zomwezomwezo. Wachitatu unali 00800000, mathero. Ndinayang'ana kanyenyeziko. Nako kanandiyang'ana. Kumanzere 03, 03, 03. Panja tambala analira masana dzuwa lili paliwombo. Ndinamva wotchi ya pakhoma, ndinamva supuni ya apongozi ikuzungulira m'kapu, ndinamva ngakhale nyerere ikudutsa pansi pa tebulo ndipo ndinaisirira chifukwa inali ndi kopita. 03, 03. Ndinatumiza 0x75, lamulo loimitsa kufufuta, ndikudziwa bwino lomwe kuti limagwira pa malamulo ofufuta kachigawo chabe, koma osati pa C7. Linali pemphero chabe. Ndinaganiza zozula waya wa magetsi, koma zikanangondisiyira kachipu kometedwa mbali imodzi. 03, 03, 03.

“Zikutheka, bambo?” anafunsa apongozi.

“Zikutheka ndithu, bambo.”

00.

Tsopano mundimvetse. Kachipu kofufutidwa kamakhala FF paliponse, chifukwa kufufuta kumabweza ma bit onse pa 1 ndipo kulemba kumangotsitsa ena kupita pa 0. Ndiye nditawerenganso n'kuyerekeza ndi apongozi.bin, zinafanana byte ndi byte, zonse 8,388,608. Ndi amisiri angati m'tauni muno amene angaonetse fayilo yofanana ndi kachipu chonchi? Kuti fayiloyo inafulumira ndi mphindi zochepa, imeneyo ndi nkhani ina.

Ndili chiweramire choncho ndinaona pa bolodi ya magetsi kapasita ya 1000 µF yotupa pamutu ngati chitumbuwa. Inali pamenepo nthawi yonseyi, masentimita 10 kuchokera pa chala changa. Magetsi osakhazikika nawonso amaimitsa TV pa dzina lake. Sindikunena kuti kachipu kanalibe vuto, ndipo palibe amene angatsimikize, poti umboni ndinaufufuta.

Ndinanyamula TV n'kunena kuti ikufunika makina akuluakulu a kushopu. Patapita masiku atatu mnzanga wina ananditumizira dump, kapena kuti fayilo ya pulogalamu yokoperedwa m'kachipu ka TV ina, ya bolodi ya nambala yomweyo, atandiseka kaye mpaka foni kutentha. Kulemba kuli ndi mwambo wake. 0x02, lamulo lolembera, amalandira ma byte osapitirira 256, tsamba limodzi, ndipo ukadutsa malire a tsambalo otsalawo sapita patsogolo, amabwerera kumayambiriro kwa tsamba lomwelo n'kuononga zomwe walemba. Masamba alipo 32,768, ndipo lililonse limafuna 0x06 wakewake chifukwa loko amadzitseka yekha ntchito ikatha. Pa ulendo woyamba ndinamasula kamodzi kokha. Tsamba loyamba linalembeka, ena 32,767 anangondiyang'ana mwaulemu, osadandaula ngakhale pang'ono. Ndinakonza: 0x06, 0x02 ndi adiresi ndi ma byte 256, kenako 0x05 mpaka ayankhe 00, ndiyeno tsamba lotsatira. Ulendo uno moni ndinapereka katatu, ndinawerenga kawiri n'kuyerekeza, ndipo kapasita ndinasintha.

TV inayaka. Chithunzi chili dodolido, miyendo m'mwamba.

Dump ija inachokera pa TV ya bolodi yofanana koma galasi la mtundu wina. Izi zimakonzeka m'menyu ya amisiri, pali poti utembenuze chithunzi. Koma kuti ulowemo pamafunika rimoti, ndipo rimoti ya apongozi pulogalamu yatsopanoyi siyikuidziwa. Mabatani a pa TV nawo anasinthana ntchito, lokwezera mawu likusintha tchanelo.

Mpira unali Loweruka. Ndinamasula zomangira za kukhoma, n'kupachika TV mozondotsa, dzina la kampani lili pamwamba zilembo zitagona chagada. Apongozi anaonera mpaka mapeto, timu yawo inapambana, ndipo anangofunsa chifukwa chake kanyali kofiira kasamukira kudenga. Ndinati ndi mmene zikubwerera za masiku ano.

Rimoti yoyenera ndinaitanitsa. Akuti ifika sabata yamawa, ngakhale anateronso sabata yatha.