Tchuthi cha masabata 8 ku Mufakose, ndinagona kwathu 6 okha

Ndikulemba izi ndili pa boti kale ku Richards Bay, doko la ku South Africa, mtima utatsikako. Ndikanalemba tsiku lomwe lija bwenzi mukuwerenga zotukwana zokhazokha. Anyamata angapo a ku Mufakose ndi ku Highfield, kwathu ku Harare, amene alowa ntchito za pamadzi akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti tchuthi chobwera kunyumba chimayenda bwanji, ndiye ndiyankhe onse pamodzi.

Kwa amene simundidziwa, ndatha zaka 4 pa boti la matanga la mamita 15. Eni ake ndi banja lina lachizungu ndipo botilo lili ndi mbendera ya UK. Wa injini ndine, wophika ndine, wolondera usiku ndine ndemwe. Timazungulira Tanzania, Madagascar ndi Mozambique, koma November akayandikira timathawira kumwera chifukwa nyengo ya anamondwe imayamba, mpaka April. Amene munaona zimene Idai anachita ku Beira ndi ku Chimanimani mu 2019, kapena Freddy ku Malawi mu 2023, simungafunse chifukwa chake. Boti likamangidwa pa doko mabwana amakwera ndege, ine ndimakwera basi.

Za kutseka boti sindichedwapo, kaputeni aliyense ali ndi mndandanda wake. Matanga mutsitse, mutsuke ndi madzi opanda mchere, aume bwino. Thanki ya dizilo mudzaze kuti musalowe chinyezi, mavavu onse a pansi pa boti mutseke, firiji muisiye yotsegula. Chakudya musasiye ngakhale anyezi mmodzi. Chaka changa choyamba ndinaiwala kathumba ka mpunga kuseri kwa mapoto, pobwerera ndinapeza mphemvu zitakhazika mudzi, zili ndi mfumu yake.

Musanatsike, kaputeni akulembereni kalata yonena kuti ndinu wantchito wa pa botilo, dzina la boti, doko limene lili, ndi tsiku lobwerera. Kalatayi imathandiza pa Beitbridge pobwerera akafunsa kuti mukupita kukatani. Muwerengenso masiku amene anakudindirani polowa mu South Africa. Pa pasipoti ya Zimbabwe amapereka mpaka masiku 90, pa ya Malawi 30 okha. Mukapitirira ngakhale pang'ono amakuletsani kulowa chaka chathunthu, mukapitirira ndi masiku oposa 30 ndiye zaka 5. Ntchito ya pa boti ithera pomwepo.

Ulendo wake mukuudziwa: Durban, Johannesburg, Beitbridge, Masvingo, kenako Roadport, depoti ya mabasi ya ku Harare, m'mawa miyendo itatupa. Kulakwa kwanga kunayambira pa Durban pomwepo. ENG1 yanga, satifiketi ya dokotala ija imene timayendera pamadzi, inali yoti itha pa 20 January. Imakhala zaka 2 basi. Ndinali ndi tsiku lathunthu mu Durban, koma mtima unali kale pa nsima ya amayi. Ndinati aa, madokotala ku Harare ali mbwee, ndikachitira konko, mwina n'kotchipa. Dokotala aliyense musanamupatse ngakhale dola imodzi, onani kaye ngati dzina lake lili pa mndandanda wa MCA, bungwe la boma la UK loona za apanyanja. Ndibwerezanso zimenezi, mupirire nane.

Masiku atatu oyamba kunyumba palibe chimene mungachite. Nthaka imayendayenda. Ndinaimirira pa sinki kusukusula, ndinagwira khoma ngati woledzera, amayi n'kundiyang'ana m'mbali. "Mwana wanga, wayamba mowa?" Ndinati ayi amayi, ndi nyumba yanuyi ikugwedezeka. Usiku 2 koloko ndinkadzidzimuka n'kukhala tsonga, kumvetsera ngati nangula akukoka, pomwe panja ndi agalu a aneba okha. Magetsi ku Mufakose ankabwera usiku anthu atagona, madzi pampopi mwa apo ndi apo. Zimenezo sizinandivute. Munthu wozolowera kusamba ndi malita 2 a madzi, ndowa imodzi ya pa mjigo ndi phwando. Mabatire a sola a amayi ndinawapeza atauma, mawaya atalumikizidwa ndi pulasitiki ya buledi, ndinatha masiku awiri ndikukonza zimenezo ndipo ndinasangalala nazo kuposa kucheza ndi alendo.

Alendo ndiye anabwera. Aliyense amadziwa kuti wa pamadzi amalandira ndalama zakunja. Azakhali akufuna feteleza, msuweni fizi, wina amene sindimamukumbuka n'komwe akuti anandinyamulapo ndili khanda. Ine ndinaphunzira chaka chachiwiri: ndalama ya mapepala a ntchito ndi ya basi yobwerera ndimaika mu envelopu yapadera, ndimapatsa amayi kuti asunge, ndipo kwa amayi palibe amene angaitulutse, ngakhale ineyo popanda chifukwa chomveka.

Pasipoti ndinayamba nayo sabata yoyamba yomweyo, ndipo pamenepa ndinachita bwino. Inali isanathe masiku koma masamba anali atadzaza. Doko lililonse chidindo polowa, chidindo potuluka, Tanga, Nosy Be, Pemba, Inhambane, zaka 4 buku latha. Ndinalawira m'mamawa ku Makombe, ku ofesi ya mapasipoti, ndi satifiketi ya kubadwa yaitali ija, chitupa, ndi pasipoti yakale, mafotokope ake ndili nawo kale m'manja. Ndinalipira madola 170 a e-passport wamba ndipo inatuluka Khirisimasi isanafike. Ife ana a Mabhurandaya, monga amatitchulira anzathu a Chishona, pali chimodzi choti muonetsetse. Agogo anga anachokera ku Nkhotakota nthawi ya Federation, ndipo chitupa changa choyamba chinali cholembedwa kuti ndine mlendo ngakhale ndinabadwira ku Harare konko. Malamulo a dziko a 2013, gawo 43, amati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe momwemo pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma chitupacho muyenera kukasinthitsa nokha. Ine ndinasintha kalekale. Ngati chanu chikadali chakale, yambani ndi chimenecho, pasipoti pambuyo, ndipo musayembekezere sabata yomaliza.

Tsopano nkhani ya chipatala. Pa 6 January ndinapita ku kachipatala kena kapulaiveti ku Avenues, dzina sinditchula. Mnzanga wina anati kumeneko amayeza anthu opita ku ntchito za kunja. Ndinafika 7 koloko. Ndinafunsa mtsikana wa pa kauntala momveka bwino kuti ENG1 mumachita? Sanakweze n'komwe maso pa foni yake. "Zonse za apanyanja timachita, mukoma. Madola 95, kulipiriratu." Ndinalipira. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, ndinangofunsa munthu wolakwika.

Anandipatsa kabotolo ka mkodzo. Ananditenga magazi mabotolo awiri. Kenako anati X-ray ya pachifuwa amajambulira nyumba ina, misewu itatu kuchokera pamenepo, madola 25 apadera. Ndinayenda wapansi dzuwa lili phwee. Kufika uko magetsi kulibe, akuti jenereta siikoka makinawo, dikirani. Ndinakhala pa benchi ya pakhonde kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2, pafupi ndi agogo ena amene anathyoka dzanja, tikugawana mabanzi ndi Mazoe wa m'botolo lawo. Magetsi atabwera anandijambula, ndinabwerera ku chipatala kuja, dokotala akuti wapita kukatenga ana kusukulu. Sukulu yanji pa 6 January? Anafika 4 koloko itadutsa. Anandiika chomvera mtima pamsana kawiri, anandifunsa ngati ndimasuta, basi n'kusaina. Maso sanandiyeze. Buku la timadontho ta mitundu lija, loona ngati umasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, silinatuluke n'komwe. Pamenepo ndinayenera kudzidzimuka, chifukwa munthu wolondera usiku panyanja moyo wake uli pa nyali yofiira ndi yobiriwira ya sitima imene ikubwera. Koma ndinali nditatopa, ndipo pepalalo linali lokongola, zidindo ziwiri, china chozungulira china cha makona.

Ndili mu kombi ndinalijambula n'kutumiza kwa kaputeni. Tisanafike n'komwe ku Mufakose yankho linabwera: iyi si ENG1, ndi kalata chabe, a inshuwalansi sangailandire. Ananditumiziranso mndandanda wa madokotala ovomerezeka, uli poyera pa intaneti pa tsamba la boma la UK, aliyense atha kuuona pa foni mphindi ziwiri. Dzina la dokotala wanga munalibemo. ENG1 amapereka ndi dokotala wovomerezedwa ndi MCA yekha, pa fomu yawoyawo yokhala ndi nambala. Wina aliyense, kaya ndi katswiri wotani, chimene angakupatseni ndi pepala.

Mawa lake ndinabwererako. Mtsikana yemwe uja anati iye ananena kuti amachita "za apanyanja", sanatchule ENG1. Ndinati mlongo, ndinakufunsa ndi pakamwa pangapa. Anati ndalama ikalowa mu kompyuta siituluka, ndidikire a manijala. A manijala ndinawadikira mpaka 1 koloko, n'kundiuza kuti ntchito inagwiridwa, magazi anayezedwa, ndiye palibe chobweza. Anandiuzanso kuti ndisangalale chifukwa ndapezeka kuti ndilibe shuga. Madola 120 ndi masiku awiri kuti ndimve kuti ndilibe shuga!

Ndaiwala kunena poyamba paja: tsiku limene mukuona za ENG1, onaninso satifiketi za STCW, za maphunziro a chitetezo a apanyanja. Za kuzimitsa moto ndi za kudzipulumutsa pamadzi zimafuna kubwereza maphunziro pakatha zaka 5 zilizonse, zanga zatsala ndi chaka chimodzi. Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever yokha musalole wina akulipiritseni kachiwiri, kuyambira 2016 katemera mmodzi ndi wa moyo wonse.

Chimene chinandipweteka si ndalama. Boti linali loti linyamuka kumayambiriro kwa February kupita ku Cape Town ndi alendo olipira, ndipo mapepala a antchito ankafunika asanafike masiku amenewo. Ndinaimba kwa dokotala wovomerezeka ku Durban, malo anali ndi tsiku limodzi lokha, pakati pa January, kwinako kodzaza. Ndiye kuti ndinyamuke masabata awiri tchuthi chisanathe. Loweruka lomaliza la January linali la chinkhoswe cha mlongo wanga wamng'ono, tsikulo analisankha dala kuti ine ndikhalepo. Nkhuku ndinagula ndine, mahema ndinalipira ndine.

Ndinakawauza malume madzulo, ali pa mpando wawo wa pansi pa mango. Anakhala chete nthawi yaitali akupukuta magalasi ndi malaya. "Mphwanga, bambo ako kulibe. Pa mwambo uja mlongo wako akatembenuka aona ndani?" Ndinati malume, ndikapanda kupita ntchito yatha, ndipo ntchito ikatha fizi ya ana a nyumba ino yathanso. Anangoti, "Pita," osandiyang'ana. Mlongo wangayo sanandilankhule mpaka tsiku lonyamuka, pamene anabwera ku Roadport ndi mbatata zophika mu kontena, n'kundipatsira pa zenera la basi.

Ku Durban zinatenga mphindi 40. Mkodzo, BP, sikelo, makutu, kuwerenga zilembo pakhoma diso limodzi limodzi, buku la timadontho lija. X-ray sanajambule, magazi sanatenge. Anaona pasipoti, analanda ENG1 yakale, n'kundipatsa yatsopano pomwepo. Zimene ndikanachita mu November, pa tsiku lija ndinalitha ndikugula nsapato za ana a achemwali. Ndiye inu mukamatsika pa boti, yang'anani tsiku lothera ENG1 musanagule tikiti ya basi. Ngati itha mkati mwa tchuthi kapena pafupi, kayezetseni ku doko komweko musanawoloke Limpopo, ndipo dzina la dokotalayo mulione pa mndandanda wa MCA ndi maso anu, osati kumva kwa wa pa kauntala.

Chinkhoswe ndinachionera pa foni nditakhala pa denga la boti, netiweki ikudukaduka, chithunzi chikuima malume atanyamula tambala m'mwamba. Kalata ya madola 120 ija ndinaisiya pa tebulo ku Mufakose. Dzulo amayi andiuza kuti aiika mu pulasitiki limodzi ndi masatifiketi athu a kubadwa, akuti pepala la zidindo ziwiri silingatayidwe.