Dizeteshoni yadutsa, zikomo asisi

Abale anga zatheka, ma examiner avomera ndipo ndikulemba maso ali psuu chifukwa chosagona. Yehova ndinu wabwino, munaona nokha mmene zinalili nditadwala fizi isanathe kulipidwa.

Koma asisi anga aakulu, mayi inu ndikuthokozeni bwanji? Munanditengera mwana osadandaula, munanditumizira ya lendi pomwe nanunso muli ndi mavuto anu, ndiye usiku kumandimveranso pa WhatsApp ndikulongolola za kuphana m'zisudzo za azungu, zinthu zoti simunazifune nkomwe. Ndinakuuzani kuti Agiriki akale nthawi zambiri sankaonetsa kupha pa siteji, munthu amafera mkati kenako wamthenga amabwera kudzafotokoza, ngati mu Medea ya Euripides ya chaka cha 431 Yesu asanabadwe, mayi akupha ana ake m'nyumba anthu akungomva kukuwa kwa anawo. Inu munangoti, "Nde zimenezo ndiye zoopsa kwambiri, pamaliro chimatilasa mtima ndi kulira komwe timamva tisanalowe m'nyumba." Asisi, chaputala changa chachiwiri chinachokera pamenepo, supavaiza anachikonda osadziwa kuti mwini wake amagulitsa kaunjika.

Mukukumbuka mmene munakwiyira nditakuuzani za sewero la Shakespeare la King Lear, munthu wina dzina lake Gloucester akumukolowola maso pa siteji anthu akuonera? Ndiye ya Edward Bond ija, Saved ya 1965, anyamata akugenda khanda ndi miyala ku nyumba ya zisudzo ya Royal Court mu London, munadula foni kaye kuti mukaone ngati mwana wagona bwino. Ndinakuuzani kuti Lord Chamberlain, mkulu yemwe ankaunika zisudzo ku Britain, anakana kuipatsa chilolezo ndipo pofika 1968 lamulo lounika zisudzo lija linathetsedwa, inu munati bola akanalisiya. Mpaka pano sitinagwirizane.

Zikomonso anzanga a mulaibulale omwe timagawana buledi ndi tiyi wozizira, komanso amayi a kutchalitchi omwe munandipempherera.

Kwa aja munkati zamasewerozo udzadya chani, aja foni yanga mumangoyiona ikulira nthawi yomwe ndinali mchipatala, musavutike, ndaona kale ma congrats anu mu inbox. Mulungu akudalitseni komweko.

Tsiku la graduation ndikuuzani likadziwika. Asisi mpando wakutsogolo ndi wanu, chitenje ndigula ine, inu mungopeza telala wodziwa ntchito osati uja anakuonongerani diresi ya ukwati.