Zikomo kwa nonse amene munatithandiza kupeza kumene agogo athu anathera ku Burma

Ndikulemba m'malo mwa banja lathu lonse la ku Dedza, makamaka m'malo mwa agogo anga aakazi, amene maso awo sakuonanso bwino koma anandilamula kuti ndisagone nalo thokozoli. Patha zaka zoposa 80 chichokereni mlongo wawo pamudzi kukalowa usilikali wa Keyala (King's African Rifles) nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo tsopano tikudziwa dziko limene anafera, mwezi umene anamwalira ndi pamene dzina lawo linalembedwa. Loweruka lapitali tinavundukula chiliza chawo kumanda a kwathu. Ambiri mwa inu amene munagwira ntchito yaikulu pa nkhaniyi simunathe kukhala nafe chifukwa muli kutali, ndiye ndati ndikuthokozeni poyera.

Agogo anali kamtsikana pamene mlongo wawoyo ananyamuka mu 1942. Chimene amakumbukira ndi nsapato zazikulu zimene anabwera nazo pa tchuthi chimodzi chokha chimene anapatsidwa, ndi mmene ana a m'mudzi ankalondolera mapazi a nsapatozo m'fumbi mpaka kudambo. Ndalama zinkabwera kudzera kwa DC, kenaka zinangosiya. Nkhondo itatha, asilikali amene anabwerako anauza banja nkhani ziwiri zosagwirizana: ena anati anamira ndi sitima panyanja, ena anati anakwatira ku India ndipo anatchona. Mayi awo anakana kukhala maliro, anakananso kumeta, ponena kuti munthu salira mwana amene mwina ali moyo, ndipo anakhala akuyang'ana kumsewu mpaka tsiku limene anatisiya. Agogo amakumbukiranso mesenjala wa boma amene anafika ndi kalata yokhala ndi dzina losadziwika kwa aliyense, anthu n'kumuuza kuti wasokera mudzi. Lero tikudziwa kuti mesenjalayo sanasokere.

Woyamba kumuthokoza ndi atsibweni anga, amene anasunga kachitini kadzimbiri kamene ife ana tinkafuna kutaya pamene tinkafolera nyumba ndi malata. M'kachitinimo munali kapepala kolandirira ndalama, kodyeka ndi chiswe m'mbali, koma nambala ya usilikali inali kuoneka yonse. Popanda nambala imeneyo sitikanapita patali, chifukwa polembetsa usilikali agogo athu anatchula dzina la bambo awo monga dzina lachiwiri m'malo mwa mfunda umene tonse timaudziwa, ndipo mlembi analemba r pamene ife timalemba l. Dzina limeneli ndi lomwe linali pa kalata ya mesenjala uja. Aliyense amene akufufuza m'bale wake wa Keyala ayambe wafunafuna nambala, popeza maina ankasintha pakamwa pa alembi koma nambala inkakhala yomweyo.

Ndithokozenso mnzanga wa ku Zomba amene anandisunga masiku atatu ndi kundiperekeza ku chipilala cha King's African Rifles. Tinawerenga maina mpaka khosi kuwawa, kenaka mkulu wina wopuma usilikali anatifotokozera mwaulemu kuti chipilalacho chinamangidwa pokumbukira a nkhondo yoyamba, ndipo anatilangiza kuti tifufuze m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission (bungwe losamalira manda a asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri za dziko lonse), amene aliyense angathe kumuona pa intaneti kwaulere. Bambo, sindinafunse dzina lanu, koma mawu anu ndiwo anatitembenuzira kunjira yoyenera.

Ndivomere kuti ndinataya miyezi ingapo ndikutsata nkhani ya sitima ija. Sitima ya Khedive Ismail inamizidwadi ndi asilikali a ku Japan pa 12 Febuluwale 1944 kufupi ndi zilumba za Maldives, ikuchokera ku Mombasa kupita ku Colombo, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anafa, ambiri a iwo asilikali a mizinga a ku East Africa amene maina awo ali pa chipilala cha ku Nairobi. Ndinkafuna kwambiri kuti agogo apezeke pamenepo kuti nkhani ithe, koma munalibe. Ndikuganiza kuti amene anabweretsa mphekesera imeneyi kumudzi sananame dala. Anamva za tsoka lalikulu la panyanja ndipo anaphatikiza ndi munthu amene sanamuonenso.

Tsiku limene ndinaleka kulemba dzina n'kulemba nambala yokha, tsamba linatseguka nthawi yomweyo. Panali dzina lija la mesenjala, gulu la 22nd (Nyasaland) Battalion, King's African Rifles, mwezi wa Novembala 1944, ndi mawu akuti Rangoon Memorial. Ndinaimbira foni kumudzi ndikunjenjemera, kuwauza kuti manda apezeka, ndipo ndinalankhula mofulumira kuposa mmene ndinawerengera. Rangoon Memorial si manda. Ndi chipilala chimene chili pakati pa manda a asilikali a Taukkyan, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda wa Yangon (umene kale unkatchedwa Rangoon), ndipo chinatsegulidwa mu 1958 kuti chisunge maina pafupifupi 27,000 a asilikali amene anafa pa nkhondo ya ku Burma koma pamene anagona sipadziwika. Kuzungulira chipilalacho kuli manda 6,374, ndipo 867 mwa iwo ndi a anthu amene maina awo sanadziwike. Mawa lake ndinayenera kuimbanso foni kukabweza mawu anga, ndipo sindinaimbepo foni yovuta ngati imeneyo.

Pamenepa ndi pamene mchemwali wina wa kwathu kuno, amene amagwira ntchito ya unamwino ku London, anatithandiza koposa. Sitinaonanepo maso ndi maso. Anangowerenga pempho langa pa Facebook, n'kupereka tsiku lake lopuma kuti apite ku The National Archives ku Kew kukajambula masamba a buku limene akuluakulu a gululo ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Achemwali, masamba amene munatumiza ndinawawerenga usiku wonse. Kuchokera m'menemo ndi m'mabuku a mbiri amene munandilozera, tinamva ulendo wonse: gulu lawo linali m'gulu lalikulu la 11th (East Africa) Division, limene linakaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon (Sri Lanka wa lero) mu 1943, ndipo kuyambira mu Ogasiti 1944 linapatsidwa ntchito yothamangitsa asilikali a ku Japan kutsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu. Chigwacho chinali chodziwika ndi malungo ndi matenda ena a m'tchire, misewu inasanduka matope, moti chakudya ndi zipolopolo zinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Anafika ku Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro a Disembala, patangopita masabata ochepa agogo athu atagwa. Chimene chinandipweteka m'masambamo n'chakuti msilikali wachizungu akavulala amatchulidwa dzina, pamene asilikali akuda nthawi zambiri amangowerengedwa kuti afa angati. Munthu akafa m'nkhalango yotere ankaikidwa msangamsanga m'mbali mwa njira, anzake n'kupitirira, ndipo mvula ndi udzu sizinkachedwa kufafaniza chizindikiro.

Kupita ku Myanmar, limene ndi dzina la lero la Burma, sikophweka chiyambireni mavuto a m'dzikomo mu 2021, ndipo ngakhale kukanakhala mtendere, thumba lathu silikanakwanitsa. N'chifukwa chake sindidziwa mmene ndingathokozere mayi wina wa ku Yangon, mnzawo wa achemwali aja, amene anakwera basi kupita ku Taukkyan, nayenda m'makonde aatali a chipilalacho kufunafuna mzati woyenera, mpaka anajambula dzina la munthu wa dziko limene sanalionepo. Anaikanso maluwa pansi pa mzatiwo ife osawapempha. Nditafika nacho chithunzicho kumudzi, agogo anandiuza kuti ndikulitse zilembo, kenaka anayendetsa chala pagalasi la foni pang'onopang'ono ngati akupukuta fumbi. Anafunsa ngati amene ali pamwamba ndi pansi pa mlongo wawo ndi a kwathu konkuno, ndipo nditawawerengera maina awiri atatu omveka Chiyao ndi Chinyanja, anangoti, “Basi, sali yekha.”

Zikomo a mfumu potilola kumanga chiliza pamalo popanda mtembo, pafupi ndi pamene panagona mayi awo, ngakhale kuti poyamba nkhaniyi inavuta pabwalo. Zikomo abusa ndi amayi a chigwirizano amene munaimba kuyambira m'mawa, amayi a m'mudzi amene munaphika, ndi adzukulu amene munalambula kumanda. Pa chilizacho tinalemba maina onse awiri, la kumudzi pamwamba ndi la ku usilikali pansi pake, pamodzi ndi nambala ija ndi mawu akuti Kabaw, Burma, 1944. Agogo anameta tsitsi lawo Lamlungu m'mawa, ndipo kapepala kaja tinakabwezera m'kachitini kake kwa atsibweni.